Anthu Oukitsa Magalimoto a Nkhondo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idatha m'chaka cha 1945. Mnyamata amene adalembedwa usilikali chaka chimenecho ali ndi zaka 18, lero ngati akali moyo ndi nkhalamba imene ikuyandikira zaka 100. Sipapita nthawi yaitali, padziko padzakhala palibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti nkhondoyo adaiona ndi maso ake. Zotsala zidzakhala mabuku, zithunzi, manda ndi zitsulo. Pakati pa zitsulozo pali magalimoto amene adanyamula asilikali, chakudya, zipolopolo ndi ovulala. Ndipo ambiri mwa magalimoto amenewa, makamaka ang'onoang'ono, sali m'manja mwa maboma ayi. Akusungidwa ndi anthu wamba, alimi, aphunzitsi, amakaniko ndi ogulitsa m'sitolo, amene amathera ndalama zawo ndi masiku awo opuma pa ntchito yowaukitsa.

Anthu otere alipo ambiri ku Ulaya ndi ku America, ndipo ali ndi mabungwe awo. Ku Britain kuli bungwe la Military Vehicle Trust limene chiyambi chake ndi cha m'chaka cha 1968, ndipo ku America kuli la Military Vehicle Preservation Association limene lidayamba mu 1976. Chaka chilichonse mwezi wa June ukamayamba, ambiri a iwo amapita ku Normandy, m'dziko la France, kukakumbukira tsiku la 6 June 1944 pamene magulu ankhondo a America, Britain ndi Canada adatsikira pagombe la kumeneko kudzamenyana ndi Ajeremani. Pa zikumbutso zikuluzikulu, monga cha 2014 ndi cha 2024, misewu ya timatauni ta Sainte-Mère-Église ndi Arromanches idadzaza ndi magalimoto obiriwira a zaka 70 kapena 80, akuyenda okha monga kale.

Woonerera m'mbali mwa msewu angayese kuti ntchito yonse ndi kuchotsa dzimbiri ndi kupaka penti basi. Eni ake amadziwa kuti vuto lalikulu lili pena. Galimoto ya nkhondo ndi mboni, ndipo chitsulo chilichonse chimene wokonza achotsa n'kuikapo chatsopano chimachepetsa umboniwo. Koma akapanda kuchichotsa galimotoyo siiyenda, ndipo dzimbiri limaimaliza. Tsono luso lenileni la ntchito imeneyi lagona pa kudziwa choyenera kusintha, choyenera kusiya, ndi kunena zoona pa zimene zasinthidwa. Izi zimaoneka bwino pa galimoto imene anthuwa amaikonda koposa zonse, ndiyo jeep.

Kubadwa kwa jeep

M'chaka cha 1940, nkhondo itakolera ku Ulaya, akuluakulu a asilikali a America adafuna kagalimoto kopepuka, kokoka ndi matayala onse anayi, kotha kudutsa m'matope ndi mumchenga. Adaitana makampani 135 kuti apikisane, nawapatsa masiku 49 okha opangira galimoto yachitsanzo. Kampani yaing'ono ya American Bantam, ya m'tauni ya Butler ku Pennsylvania, ndiyo idakwanitsa, ndipo idapereka galimoto yake pa 23 September 1940. Koma popeza boma lidakayika ngati Bantam ingathe kupanga magalimoto ochuluka msanga, ntchito yaikulu idapita ku kampani ya Willys-Overland, imene injini yake idali yamphamvu kuposa za anzake. Pambuyo pake Ford nayo idauzidwa kupanga galimoto yomweyo potsata mapulani a Willys. Pofika 1945 Willys idali itapanga majeep pafupifupi 360,000 a mtundu wa MB, ndipo Ford pafupifupi 280,000 a mtundu wa GPW.

Galimotoyi njosavuta kuimvetsa, ndipo n'chifukwa chake oyamba kumene ntchitoyi amakonda kuisankha. Injini yake ndi ya mapisitoni anayi, ya malita 2.2, ndipo mphamvu yake amaiyerekeza ndi ya akavalo 60. Magiya opita kutsogolo ndi atatu, batire ndi la mavoliti 6, ndipo kulemera kwa galimoto yonse kumangopitirira pang'ono tani imodzi. Thanki ya petulo ili pansi pa mpando wa woyendetsa. Ilibe zitseko, ilibe kompyuta, kotero kuti munthu wokhala ndi masipanala, jeke ndi mabuku a malangizo amene asilikali adasindikiza, monga TM 9-803 la 1944, angathe kuiphwasula yonse m'galaja ya kunyumba kwake. Amene adazolowera Land Rover m'misewu yafumbi ya Malawi adaonapo kale mwana wake wa jeep: Land Rover yoyamba yoyeserera, imene a Maurice Wilks adakonza ku Britain mu 1947, idamangidwa pa mafupa a jeep, aja amakaniko amati chasisi.

Kufunsa galimoto dzina lake

Nkhondo itatha, majeep ambirimbiri adagulitsidwa kwa alimi ndi amalonda. Ena adakoka mapulawo m'minda, ena adasanduka okokera anzawo owonongeka, ndipo ku Philippines adatalikitsidwa nasanduka timabasi totchedwa jeepney. Motero wokonza akapeza jeep kuseri kwa khola la mlimi, kawirikawiri imakhala itadulidwa, itawotchereredwa zitsulo zachilendo, itapakidwanso penti kangapo. Ntchito yoyamba si kugwira sipanala ayi, koma kufufuza kuti galimotoyi ndi iti, idapangidwa liti, nanga ndi yani.

Zizindikiro zilipo kwa wodziwa kuziwerenga. Pa dashibodi pamakhala timalata tolembedwa nambala ya galimoto ndi tsiku limene idaperekedwa kwa asilikali, ndipo nambalayo iyenera kugwirizana ndi ya pa chasisi. Mtanda wa chasisi umene uli pansi pa rediyeta ndi paipi yozungulira ngati galimotoyo ndi ya Willys, pamene wa Ford ndi chitsulo chopindidwa ngati ngalande yovundikira. Ford idadinda chilembo cha F pa zipangizo zake zambiri, ngakhale pamitu ya mabawuti. Majeep oyambirira a Willys, pafupifupi 25,000, adali ndi nkhope ya tizitsulo towotcherera, isanabwere nkhope ya lata lodinda ya mipata 9 imene imadziwika lero. Oyambirirawo adalinso ndi dzina la kampani pa lata la kumbuyo, kufikira asilikali adaletsa mu 1942.

Penti nayo ndi kalata. Wokonza wanzeru sathamangira makina opopera mchenga amene amasenda zonse kamodzi. Amatenga sandipepala yosalala ndi madzi, n'kumakhula boneti ndi mabampala pang'onopang'ono, penti ya pamwamba, kenaka yotsatira, mpaka atulukire nambala imene asilikali adalemba, nyenyezi yoyera, kapena zilembo za gulu limene galimotoyo idatumikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma amafafaniza pa ola limodzi mbiri imene idabisala zaka 80, ndipo palibe amene angaibweze.

Komabe si jeep iliyonse imene imayankha mosavuta. Asilikali a France adalandira majeep ambiri a America, ndipo kumalo awo okonzerako ku La Maltournée, pafupi ndi Paris, adali kuwaphwasula ambiri nthawi imodzi n'kuwamanganso ndi chipangizo chilichonse chabwino chimene chidali pafupi, osasamala kuti ndi cha Willys kapena cha Ford. Kuwonjezera apo, kampani ya ku France ya Hotchkiss idapanga jeep yomweyo pa dzina la M201 kuyambira 1955 mpaka 1966, okwana pafupifupi 27,000. Ambiri a iwo adapakidwa pambuyo pake nyenyezi ya America, ndipo wogula wosadziwa angalipire mtengo wa galimoto ya 1944 pa galimoto imene idapangidwa patatha zaka 15 mfuti zitaleka kulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito ya m'galaja

Akadziwa chimene ali nacho, wokonza amayamba kuphwasula. Asanamasule kanthu amajambula chithunzi, ndipo bawuti lililonse limalowa m'kathumba kolembedwa kumene lachokera, pakuti ntchitoyi imatenga zaka, ndipo mutu sungasunge zonse. Bodi imanyamulidwa n'kuikidwa pambali. Chasisi imayezedwa ngati idapindika, ndipo ming'alu yake imawotchereredwa. Injini imatsegulidwa: mabowo a mapisitoni amapalidwa, maring'i ndi mabering'i amasinthidwa, ndipo buloko imayang'anitsitsidwa, chifukwa m'maiko ozizira madzi akaundana m'kati mwake imang'aluka. Mabuleki ndiwo sanyengereredwa konse. Mapaipi, malabala ndi malaining'i onse amaikidwa atsopano, pakuti jeep ili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, ndipo paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi amaleka kugwira. Apa palibe amene amatsutsa. Moyo wa munthu uposa chitsulo chakale.

Mkangano umabuka pa bodi. Pansi pa bodi ya jeep pali timitanda tachitsulo tolimbitsa, ndipo m'kati mwake opanga adaikamo matabwa. Matabwawo amamwa madzi, nadyetsa chitsulo ndi dzimbiri kuchokera m'kati. Wokonza ali ndi njira ziwiri. Angathe kugula bodi yatsopano, pakuti kampani ya MD Juan ku Philippines imapanga mabodi otere, ndipo galimoto imaoneka ngati yatuluka m'fakitale dzulo. Kapena angathe kudula pokhapokha pamene paola, n'kukonza chigamba cholingana, n'kuwotcherera, ntchito ya miyezi yambiri imene wodutsa sangaione n'komwe. Njira yoyamba njachangu. Yachiwiri imasunga lata lenileni limene msilikali adapondapo, pamodzi ndi mabowo amene adaboola pomangirira wailesi kapena machira.

Wosintha bodi salakwa nthawi zonse, chifukwa pali mabodi ena amene adatsala ngati sefa. Ng'oma ya m'mudzi imasinthidwa chikopa, ndipo anthu saleka kuitcha ng'oma ya makolo awo. Cholakwa ndi kubisa. Timalata ta nambala tatsopano timagulitsidwa topanda kanthu, ndipo munthu angathe kudindapo tsiku limene afuna. Wokonza wachilungamo amasunga fayilo ya zithunzi ndi malisiti yosonyeza chakale ndi chatsopano, ndipo pogulitsa galimoto amaipereka kwa mwini watsopano. Ngakhale penti imayesa mtima wake. Ya asilikali idali yobiriwira modera ndi yosawala, kuti isanyezimire padzuwa n'kuitana adani. Amene apaka yowala kuti akasiririke pa chionetsero wakongoletsa galimoto, koma wanamiza woonera.

Kuyendetsa ndi kusunga

Galimoto ikakonzedwa, ntchito siithera pomwepo. Yongokhala imafa msanga: malabala amauma, mabuleki amagwirana, petulo amaonongeka m'kabuleta, batire limatha. Iyenera kulizidwa ndi kuyendetsedwa mpaka injini itenthe, kuthiridwa girisi m'malo ake onse, ndi kusinthidwa oyilo ngakhale isanayende mtunda wautali. Petulo wa masiku ano nayenso ngwosiyana ndi wa 1944. Ku Britain, kuyambira September 2021, petulo wamba amasakanizidwa ndi ethanol mpaka magawo 10 pa 100 alionse, ndipo ethanol amadya mapaipi akale alabala ndi kukokera chinyezi m'thanki. Koma kuyendetsa nakonso kumadya chitsulo. Akale adati ng'oma yolira bwino siichedwa kung'ambika. Pa jeep vutoli n'lochepa, popeza zipangizo zake zimapezeka. Pa magalimoto osowa ndi nkhani ina, ndipo ngakhale akatswiri a m'nyumba zazikulu zosungira zinthu zakale amalimbana nalo.

Ku Bovington, m'chigawo cha Dorset ku England, kuli nyumba yotchedwa The Tank Museum, yosungira akasinja, zimagalimoto zija zachitsulo chokhachokha zoyenda pa matcheni. Kumeneko kuli kasinja wa Ajeremani wa mtundu wa Tiger I, wolemera matani oposa 50, wodziwika ndi nambala 131. Asilikali a Britain adamugwira ku Tunisia mu April 1943, chipolopolo chitakanirira pansi pa mutu wake wozungulira umene umanyamula mzinga, eni ake n'kuthawa. Mfumu George VI ndi a Winston Churchill adakamuona ku Tunis, kenaka adatumizidwa ku Britain kuti akatswiri akamuphunzire, ndipo mu 1951 adaperekedwa ku Bovington. Ntchito yomuukitsa idayamba mu 1990, ndipo adabwerera ndi injini yolira kumapeto kwa 2003; pa nthawiyo adali Tiger I yekhayo woyenda padziko lonse. Injini yake yeniyeni, Maybach HL210, idali itadulidwa kale kuti ikhale yophunzitsira, motero adamuika ya mtundu wotsatira, HL230, ndipo osunga sabisa zimenezi. Zipsera za zipolopolo za 1943 adazisiya osazikwirira. Adamubwereketsa kwa opanga filimu ya Fury ya 2014, koma kupatula apo amamuyendetsa masiku owerengeka okha pachaka, pakuti giya limodzi likathyoka palibe sitolo imene ingagulitse lina.

Kasinja yemweyu adaonetsanso kuti mbiri nayo imafuna kukonza monga chitsulo. Kwa zaka zambiri alendo adali kuuzidwa kuti adagwidwa pa 21 April paphiri la Djebel Djaffa. Mu 2012 mlendo wina adamva nkhaniyo, nazindikira kuti ikufanana ndi imene bambo wake, msilikali wa gulu la Sherwood Foresters, adali kusimba za malo ena. Zolembedwa za asilikali ndi zithunzi zakale zidaunikidwanso, ndipo zidapezeka kuti kasinjayo adagwidwa pa 24 April pamalo otchedwa Gueriat el Atach. Osunga adavomera, nakonza mbiri yawo poyera. Munthu wamba wa jeep imodzi m'galaja ali ndi udindo wofanana, ngakhale kuti omuyang'ana ngochepa.

Ngozi ndi malamulo

Magalimotowa adapangidwira nkhondo, ndipo akali ndi mano. Malaining'i akale a mabuleki ndi a kilatchi ali ndi asbestos, imene fumbi lake limaononga mapapo. Penti ina yakale ili ndi mtovu, ndipo mageji ena owala usiku adapakidwa radium, imene ikali yoopsa mpaka lero. Marimu a jeep ndi a zigawo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti, ndipo womasula mabawutiwo tayala lisanaphwetsedwe angavulale koopsa kapena kufa kumene.

Maboma nawonso amayang'anira. Ku Britain munthu wamba amaloledwa kukhala ndi galimoto ya nkhondo, ngakhale kasinja, koma mfuti zake zimakhudzidwa ndi malamulo a mfuti, ndipo ambiri amasunga zophedweratu zimene zili ndi chikalata chotsimikiza kuti sizingaombe. Ku Germany mu 2015 asilikali adatulutsa kasinja wa mtundu wa Panther m'chipinda cha pansi pa nyumba ya mkulu wina ku Heikendorf, pafupi ndi Kiel. Mu 2021 bwalo lidamupeza wolakwa pa lamulo la zida za nkhondo, limugamula miyezi 14 yosakalowa kundende, ndi kumulipiritsa mayuro 250,000.

Mbiri ya yani?

Funso lotsiriza limabwera pamene wokonza wagwira burashi. Nambala ndi zilembo zakale zikapanda kupezeka pansi pa penti, mwini amasankha yekha zizindikiro zoti alembe, ndipo ambiri amasankha nyenyezi ya America ndi magulu otchuka m'mafilimu, monga 101st Airborne. Palibe lamulo loletsa. Koma mwana woonerera mdipiti wa magalimoto otere angapite kwawo akuganiza kuti nkhondoyo idamenyedwa ndi Aamerika okha, ku France kokha.

Chikhalirecho jeep idayenda kutali kuposa pamenepo. Pafupifupi 50,000 adatumizidwa ku Soviet Union. Ena adagwira ntchito m'chipululu cha kumpoto kwa Africa, ena ku Italy, ena ku Burma, kumene adamangiriridwa machira onyamulira ovulala m'tinjira tamatope. Ku Burma komweko, mu 1944, m'nyengo ya mvula yosakata, gulu la 11th East African Division lidapirikitsa Ajapani m'chigwa cha Kabaw kulowera ku mtsinje wa Chindwin, ndipo m'gululo mudali mabataliyoni a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Ena mwa owerenga tsamba lino ndi zidzukulu za amuna amenewo. Chizindikiro cha gulu lawo chidali mutu wa chipembere. Pa zionetsero za ku Ulaya nyenyezi ndizo zimachuluka, pamene chipembere n'chosowa. Wokonza amene apeza chizindikiro chosatchuka pansi pa penti, nachisunga m'malo mochikwirira ndi chotchuka, wasungira anthu ena dzina lawo.

Nayenso wosunga amapita. A Jacques Littlefield a ku California adasonkhanitsa magalimoto a nkhondo oposa 200. Atamwalira mu 2009, ambiri adagulitsidwa pa okushoni mu 2014 namwazikana, ndipo ena adasankhidwa kukaikidwa ku American Heritage Museum, ku Massachusetts. Ngati zidatero ndi chuma chachikulu chotere, nanga bwanji jeep imodzi ya mphunzitsi wopuma pantchito? Nayo idzapita kwa mwini wina, kenaka winanso. Amene adzaigule patsogolo sadzakhala ndi msilikali woti amufunse. Adzagwada pansi kuyang'ana mtanda wa chasisi, adzawerenga timalata ta pa dashibodi, adzatsegula fayilo imene adamusiyira mnzake. Ndipo chimene adzauze ana ake za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 chidzakhala choona kapena chabodza monga mwa manja amene adagwira galimotoyo iye asanaione.